Kuphunzira nkhope ya penti wa mafuta pokopera: pa foni, pa pepala, ku Mua kapena pa chithunzi cha agogo?

Mnyamata wina wa ku Bembeke anandipeza pa Dedza boma ndikulemba chikwangwani cha saluni, nkunditulutsira foni akuti achimwene ine ndikufuna ndizijambula nkhope ndi penti wa mafuta ngati izi, ndiyambire pati? Mufonimo munali zithunzi zambirimbiri zomwe wakhala akusunga, zina za azungu akalekale, zina za anyamata a ku Nigeria aja amajambula mpaka thukuta kuoneka, zina mavidiyo. Tsiku limenelo ndinangomuyankha mwachidule poti penti amandiumira pa burashi, nde ndati ndilembe bwinobwino kuti ena ofuna zomwezi amvere limodzi, chifukwa njira zonse zomwe anali nazo mufoni muja ine ndinadutsamo ndipo sizofanana olo pang'ono.

Zoti kukopera ntchito ya wina ndi kuba tisataye nazo nthawi. John Singer Sargent, amene anadzatchuka kwambiri pojambula nkhope za anthu olemera ku London ndi ku America, mu 1879 anapita ku Madrid kukakhala mu myuziyamu ya Prado nkumakopera ntchito za Velázquez, katswiri wakale wa ku Spain, basi. Kuba kumayamba pomwe wasainapo dzina lako nkukagulitsa ngati nzeru zako. Funso lenileni ndi loti ukopera chani, ndipo chinthucho ukuchionera pati.

Ambiri kuno timayamba ndi chithunzi cha kamera, ndipo chifukwa chake nchomveka, ndi mmene ndalama imabwerera. Munthu amabwera ndi kachithunzi ka malemu bambo ake kapena ka ukwati akuti ndikulitsireni ichi, iwe sungakane. Koma ngati sukulu, njira imeneyi ndimaiika kumapeto. Kamera siisankha, imangotola chilichonse chili kutsogolo kwake, kachiphuphu, ulusi wa kolala, tsamba la nthochi kumbuyo, zonse mphamvu imodzimodzi, nde wophunzira amaganiza kuti kujambula ndi kulondola zonsezo chimodzichimodzi, amatha sabata pa nsidze mutu wonse uli wopindika. Chinanso zithunzi zathu zambiri zinajambulidwa ndi fulashi kapena dzuwa lili paliwombo, nkhope imakhala phwatalala yopanda mbali yowala ndi mbali ya mthunzi, ndipo mafoni a masiku ano amayeretsa khungu okha osafunsa. Ine chithunzi cha agogo anga aakazi ndinachijambula kawiri kuchokera pa kachithunzi ka pachitupa, kawiri konse chinatuluka ngati cha pachitupa chomwecho, chachikulu chabe, ndipo zinandiwawa chifukwa agogo aja anali ndi nkhope yoti ukaiona sungaiwale. Vuto silinali dzanja, linali loti palibe amene anali atandionetsa kuti wojambula amasiya chani.

Ena amayeserera pa nkhope za pa ndalama, monga Inkosi Gomani II pa K50 kapena John Chilembwe pa K500. Pophunzira kuyeza mutu ndi pensulo zili bwino, ndipo anzathu a ku Ntcheu ndikudziwa nkhope ya Gomani amaikonda, koma zimene zija ndi timizere tosindikiza, za penti sizikuphunzitsa kanthu.

Mavidiyo a pa YouTube ali ndi chinthu chimodzi chomwe njira zina zonse zilibe, umaona dzanja likuyenda. Umaona mmene munthu wagwirira burashi kumchira osati kumutu ngati bolopeni, mmene akusakanizira, mmene akupukutira burashi pa kansanza asanatenge mtundu wina, ndipo kwa munthu amene sanaonepo penti wa m'machubu akugwiritsidwa ntchito, mavidiyo awiri atatu ndi ofunika ndithu. Kupitirira apo amayamba kukudya. Bandulo imatha, netiweki ukangotsika kuseri kwa phiri yathawa, ndipo ambiri mwa mavidiyowa anawathamangitsa, ntchito ya masiku anayi ikuoneka mphindi khumi, iwe nkumadziona ngati wochedwa pomwe ukuyenda bwinobwino. Komanso ambiri amaphunzitsa khungu la azungu, pinki ndi zoyera, ukatengera zomwezo pa nkhope ya munthu wa kwa Kachindamoto imatuluka yotuwa ngati wadzola phulusa. Nde ine ndimati onera, tseka foni, kenako kajambule, osati kujambula uku ukudina pozi ndi chala cha penti.

Njira yomwe ine ndimaikhulupirira ndi kutenga chithunzi chimodzi chopentedwa ndi katswiri wakale nkukhala nacho miyezi. Ndikuti chimodzi. Ndipo kwa ife akhungu lakuda chilipo chomwe ndimauza aliyense, cha Juan de Pareja chomwe Diego Velázquez anajambula ku Rome mu 1650. Pareja anali munthu wa magazi a ku Africa, kapolo wa Velázquez yemweyo, amagwira ntchito mu situdiyo yake, ndipo chaka chomwecho Velázquez anasaina kalata yomumasula, ufulu wake nkudzayamba mu 1654, kenako naye anakhala wojambula payekha ku Madrid. Nkhani imeneyi imandikhudza nthawi zonse ndikachiyang'ana, munthu ali mu ukapolo koma wakuyang'ana m'maso mutu uli chilili ngati mfumu. Chithunzicho pano chili ku Metropolitan Museum ku New York, kukula kwake ndi pafupifupi masentimita 81 kwa 70, ndipo kuyambira 2017 myuziyamu imeneyi inalola kuti zithunzi za ntchito zakale ngati izi aliyense azitsitsa ulere pa intaneti, nde tsitsani pa tsamba lawo lenilenilo osati zomwe zazungulira pa Facebook ndi WhatsApp zoti zafinyidwa mpaka mitundu kusokonekera.

Chifukwa chake ndimalimbikira chimenechi ndi ichi. Mukachiyang'ana mwachifatse muona kuti mitundu ndi yochepa kwambiri, kumbuyo kotuwa mobiriwirako, chovala chotuwanso, kolala yoyera, tsitsi lakuda, basi, nde maso ako onse amapita pa nkhope. Pankhopepo ndi pomwe pali sukulu. Khungu si bulauni mmodzi wothira wakuda kumthunzi ndi woyera kowala ngati mmene timachitira pa zikwangwani za saluni ayi. Pa chipumi ndi pa mphuno pomwe kuwala kwamenya pali mtundu wofunda wonga mkuwa, m'masaya muli kufiira, kuzungulira ndevu kukuzizira kupita kotuwa, ndipo malo owala kwambiri ndi timadontho tochepa zedi toti mutha kutiwerenga. Tsitsi sanajambule limodzilimodzi, ndi mtambo umodzi wakuda womwe m'mphepete mwake ukusungunukira kumbuyo. Kolala ija ukaionera patali umati leisi yeniyeni, ukaikulitsa umapeza ndi penti woyera wongomenyedwa mwachangu. Apa ndi pomwe ndinamvetsa zomwe zinasowa pa chithunzi cha agogo chija, kuti munthu uyu anasankhiratu malo atatu anayi oti akhale akuthwa, maso, mphuno, pakamwa, kwina konse nkusiya kofewa. Kamera singakuphunzitse zimenezo chifukwa iyo siinasankhepo kanthu, koma ukamakopera penti umakhala ukutsata maganizo a munthu phazi ndi phazi.

Amene Pareja sanawagwire mtima, pali akatswiri ena akale, Rembrandt ali ndi chithunzi cha amuna awiri a ku Africa cha mu 1661 chomwe chili ku Mauritshuis ku Den Haag, ndipo Rubens ali ndi china cha mutu wa munthu wakuda mmodzi wojambulidwa kanayi mbali zosiyana, chili ku Brussels. Cha Rubens nchabwino pophunzira mmene mutu umasinthira ukatembenuka, koma burashi yake imathamanga kwambiri, kwa woyamba ndi chovutirapo. Za Rembrandt zodzijambula yekha atakalamba nzokoma koma penti wake ndi wokhuthala wosanjikizana kangapo, machubu athu ang'onoang'ono aja angathe tsiku limodzi.

Tsopano chithunzi wasankha, koma uchionera pati? Apa pali kusiyana kwakukulu komwe ambiri sakuganizira. Sikirini ya foni imatulutsa kuwala yokha, pomwe penti amangobweza kuwala komwe kwamugwera, nde choyera cha pa foni sungachipeze ndi penti wina aliyense, ukamachithamangitsa umangothira penti woyera wa titanium white paliponse mpaka nkhope kuchita mbuu. Foni ilinso ndi msampha wa kukulitsa ndi zala, umalowa m'diso nkukhala momwemo ola lathunthu kuiwala kuti disolo lili pa mutu. Kuwonjezera apo imazima yokha manja ali ndi penti, magetsi akathima batire nayo yatha. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu, mitundu yake ili pafupi ndi zoona kuposa pulinta iliyonse ya pa boma pano. Ndinapulintitsapo Pareja wamitundu pa shopu ina, anatuluka wofiira ngati dothi la katondo, kumbuyo kotuwa kuja kutasanduka buluu, ndipo ndikanakopera zimenezo ndikanaphunzira bodza.

Nde pepala lili ndi ntchito yake ina, ndipo ndi lakuda ndi loyera, fotokope wamba. Musaipeputse. Wojambula wotchuka Van Gogh ali m'chipatala ku Saint-Rémy mu 1889 ndi 1890 ankasowa anthu okwanira omukhalira kuti awajambule, amakopera ntchito za Millet, Delacroix ndi Rembrandt kuchokera pa mapepala osindikizidwa akuda ndi oyera, mitundu nkumaikamo yake. Nkhope imafanana ndi mwini wake chifukwa cha malo owala ndi malo a mthunzi, mtundu umabwera pambuyo, ndipo pepala lopanda mitundu limakukakamiza kuona zimenezo. Ulipachike pambali pa bolodi yako pa msinkhu umodzi, kukula kofanana ndi komwe ukujambula, ubwerere mmbuyo mapazi atatu, utsinzine pang'ono mpaka tizinthu ting'onoting'ono tisowe, chomwe chatsala ndi chomwe upake. Ungopempha wa fotokopeyo asadetse kwambiri, chifukwa makina otopa amameza mbali yonse ya mthunzi kukhala chikuda chimodzi.

Pa nkhani yosamutsa mizere anthu amakangana zedi, ena amati kudinda ndi kaboni pepa, ena kugawa pepala ndi bolodi m'timabokosi tofanana, ena maso okha. Ine kudinda ndimati ayi pophunzira, umapeza nkhope yofanana lero koma mawa ulibe chomwe watola. Timabokosi ndi bwino koyamba, koma akhale akuluakulu, anayi m'litali atatu m'lifupi, kuti maso azigwirabe ntchito. Kachitatu yeza ndi mchira wa burashi dzanja litatambasuka, maso amakhala pakati pa mutu osati kumwamba ngati mmene ambiri timawaikira, ndipo ukakayika tenga kagalasi uyang'anire ntchito yako mmenemo, kupindika konse kumaonekera pompo.

Pali njira inanso yomwe ife a ku Dedza tili nayo pafupi koma sitiigwiritsa ntchito, kukaona ntchito yeniyeni ndi maso. Ukatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti nkukhotera ku Mua, pali Kungoni, senta ya zaluso ndi chikhalidwe, yomwe bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa mu 1976 pa mishoni yomwe inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo makoma a Chamare Museum ya pomwepo ali ndi zithunzi zopenta za mbiri yathu, kuphatikizapo zosema zambiri. Sindikunena kuti mukapezako Velázquez, kajambulidwe ka ku Mua ndi kena, ndipo thiransipoti masiku ano si yoti ungapiteko sabata iliyonse. Koma pali zinthu zomwe foni singakuuze ngakhale itakhala yodula bwanji, monga kuti chithunzi chimasintha ukayandikira ndi ukatalikira, kuti penti ali ndi thupi, pena wokhuthala pena wopyapyala, komanso kuona nkhope zonga zathu zitapentedwa ndi anthu omwe amaziona tsiku ndi tsiku. Pita ndi kabuku ndi pensulo, pempha chilolezo, khala pa chithunzi chimodzi ola. Ndipo ngati thumba likulola gula kamutu kosema kamodzi, ukakaika pafupi ndi windo kunyumba ndi mphunzitsi wabwino wa kuwala ndi mthunzi poti sikatopa, sikasuntha. Kwinaku tili ndi Chongoni, malo 127 a zojambula pa miyala omwe UNESCO inawazindikira mu 2006, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa. Nkhope za mafuta kulibeko, koma ine ndikaima pa Chentcherere kapena Mphunzi ndimakumbuka kuti anthu aja anali ndi mtundu umodzi kapena iwiri basi ndipo ntchito yawo ilipobe, nde zimandichotsa dyera la machubu makumi awiri.

Dyera limenelo ndi lomwe limagwetsa ambiri asanayambe nkomwe, poti penti wa m'machubu mpaka ukamusake ku Lilongwe kapena kutumiza wina wochokera ku Joni, ndipo si wotchipa. Wojambula Anders Zorn wa ku Sweden amadziwika ndi mitundu inayi yokha, woyera, wachikasu wa yellow ochre, wofiira wa vermilion ndi ivory black, ndipo wakuda ameneyu ukamusakaniza ndi woyera amapereka kotuwa kozizira kooneka ngati buluu akakhala pafupi ndi wofiira. Kwa khungu lathu ine ndimawonjezera bulauni woderapo wa burnt umber, ndipo ndalama ikapezeka buluu wa ultramarine, chifukwa pa chipumi ndi pa tsaya la munthu wakuda pamagwa kuwala kwa kumwamba kozizira komwe ukakuika ndi woyera yekha kumaoneka ngati ufa. Maburashi atatu okwanira, yaikulu ngati chala chachikulu, yapakati, ndi kakang'ono komwe usakakhudze mpaka tsiku lomaliza. Kanivasi musavutike nayo, hadibodi yodula tizidutswa ngati kukula kwa kope la sukulu ndi yabwino, ikwecheni ndi sandipepa, pakani guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi, kenako makoti awiri atatu a gesso, penti woyera woyambira pansi, akasowa PVA woyera wa khoma amathandiza pa zoyeserera. Ngati ndi nsalu ya kaliko musapake penti wa mafuta pa nsalu yosaphimba, mafuta amaidya pakapita zaka.

Ndikupemphani abale, mafuta ophikira ayi. Mafuta a linseed, omwe ndi oyenera kusakaniza ndi penti, amauma chifukwa amagwirana ndi mpweya nkulimba, a mtedza aja sachita zimenezo, chithunzi chimangokhala chonata mpaka kalekale nkumatola fumbi ndi tizilombo. Palafini nayenso wosungunulira penti ayi, pezani turpentine kapena white spirit, ndipo tsegulani mawindo olo kuzizire bwanji chifukwa fungo lake limapweteka mutu ndi chifuwa. Tinsanza ta linseed musatiunjike pakona, timatha kutentha tokha nkuyaka, tiyanikeni panja kapena tiviikeni m'chitini cha madzi. Gulosi wa ku hadiweya yemwe timalembera zikwangwani ndi wa mafuta inde, koma amayenderera ndipo amayamba kugwira msanga, sakupatsa mpata wofewetsa m'mphepete mwa mthunzi, nde zomwe Velázquez anachita pa tsaya lija ndi gulosi simungazione.

Kuzizira kwathu kuno nakonso kuli ndi mbali. June ndi July, chifunga chitakuta phiri, koti yomwe kwina imauma masiku awiri atatu kuno imatha kukudikiritsa sabata, makamaka woyera wa titanium ndi ivory black omwe mwachibadwa amachedwa, pomwe burnt umber amauma msanga, nchifukwa chake ndi wabwino poyambira. Musaumitse pa mbaula. Lamulo lake ndi loti koti yapansi ikhale yopyapyala ya turpentine, zapamwamba ziziwonjezera mafuta pang'onopang'ono, mukatembenuza yapamwamba imauma yapansi isanaume nde imang'aluka ngati dambo la mu October. Bola kukhala ndi timabolodi tiwiri titatu, kena kakuuma kena ukugwira, ndipo nthawi ya fumbi tiyang'anitseni kukhoma. Vanishi dikirani miyezi isanu ndi umodzi.

Nde mnyamata wa ku Bembeke uja nditakumana nayenso ndinamuuza chonchi. Mavidiyo onera awiri a kasakanizidwe ka penti, usiye. Chithunzi cha kamera cha mayi ako chisunge, nthawi yake ikubwera. Tsitsa Pareja, pulintitsa wakuda ndi woyera, ujambule mutu wokha katatu pa timabolodi titatu. Koyamba burnt umber yekha wosungunula, malo owala uzipukuta ndi kansanza, osagwira woyera olo pang'ono, ntchito ya masana amodzi. Kachiwiri wakuda, woyera ndi umber, usakanize mitundu isanu yotsatizana kuchokera kowala kufika kwakuda usanayambe, upake ndi burashi yaikulu yokha. Kachitatu ndi pomwe foni ilowe, kuwala kwa sikirini utsitse kufike pakati, uikhazike patali poti dzanja silifika, mitundu utenge pa foni koma kuwala ndi mthunzi uzifunsabe pepala lija. Ukamaliza ukhazike munthu wamoyo pafupi ndi windo, atembenuke ngati mmene Pareja anatembenukira, chitseko utseke kuti kuwala kuchokere mbali imodzi, ujambule ndi mitundu yomweyo. Anandifunsa kuti nanga timabolodi titatu tija akagulitse, ndinati ayi sunga, ndipo kuseri kwa kalikonse ulembe tsiku ndi mawu oti kuchokera kwa Velázquez, dzina lako pansi pake. Panopa ali pa kachiwiri, ndipo akuti mlongo wake wavomera kudzamukhalira Loweruka akaweruka kokumba mbatatesi.